Ndinamanga Njinga Kumwendo

Abale ndi alongo amene mumawerenga maumboni pano, mtendere ukupezeni kulikonse muli. Ine ndine Levisoni, mlimi wa fodya wa bale kuno ku Lisasadzi. Ena amabwera kudzathokoza kuti achira, ena kuti apeza ntchito. Ine vuto langa linali loti ndinatha chaka chathunthu osaona tulo teniteni, chifukwa ndinapwetekesa munthu wosalakwa kenako nkutseka pakamwa. Ndalemba ndi manyazi, koma ndalemba.

Zinachitika zaka zija za makuponi a feteleza. Amene munagonapo padepoti mukudziwa mmene zinkakhalira. Zikangomveka kuti feteleza wafika, tinkanyamuka midzi yonse, ndipo lole imodzi sinkakwanira ndi theka lomwe la mzere. Ndiye unkakhala pomwepo masiku atatu, anayi, kudikira lole ina. Malo ako pamzere unkasungitsa mwala kapena chidutswa cha njerwa. Madzulo tinkamanga misasa kuseri kwa depoti, pabwalo la udzu wouma. Msasa wake unali timitengo tiwiri, pepala lakuda la pulasitiki pamwamba, kamoto pakhomo, basi.

Ine ndine munthu wodzimva kuchenjera, mkazi wanga Nabanda angakuuzeni mpaka mutatopa. Makuponi anga awiri sindinkaika m'thumba la malaya ngati anzanga. Ndinawapinda ngati ndudu, nkuwalowetsa m'paipi ya handulo ya njinga, nkutsekapo ndi mphira wake wogwirira uja. Usiku njingayo ndinkaigoneka pambali pa msasa, nkumanga chingwe cha khonje kufelemu, nsonga inayo pakakolo panga. Wakuba akati akoke, ndiye kuti wadzutsa mwini wake. Ndinkawaseka anzanga amene ankagona atakumbatira njinga ngati angokwatira kumene. Ndinkati ine ndiye ndapeza nzeru.

Usiku wachiwiri njinga ya bambo wina inabedwa, pamodzi ndi kachikwama kamene munali kuponi yake. Bamboyo analira ngati pamaliro. Tsiku lonse anthu mitima inali m'mwamba, ndipo amuna ena anakasema zibonga kutchire nkumagona nazo kumutu. Tinali titatopa, tili ndi njala, lole osaoneka. Aliyense ankamuyang'ana mnzake ndi diso lofiira.

Usiku wachitatu kunabwera chimphepo chija chimatsogolera mvula yoyamba. Ndinagona moto wanga ndisanaukwirire, poti ndinati uzima wokha. Sindikudziwa kuti inali nthawi yanji pamene chingwe chinandikoka mwendo. Nditadzidzimuka ndinaona munthu ataweramira njinga yanga, akuikoka mwamphamvu. Tochi inali pambali panga pomwepo, koma sindinaiyatse. Sindinafunse kuti ndinu ndani. Ndinangokuwa kuti wakuba.

Abale, anthu anatuluka m'misasa ngati ankangodikira mawu amenewo. Munthuyo anasiya njinga, nkukweza manja, akulankhula Chitumbuka mothamanga, akuloza pansi. Panalibe womudziwa ndipo panalibe womumvera. Ine sindinamenye nawo, ndinali chiimire ndi chingwe changa kumwendo, koma ndinamva pamene mkono wake unathyoka. Unalira ngati nkhuni youma ukaithyolera pabondo. Mlonda wa padepoti ndi amayi ena ndi amene anamulanditsa, nkumukweza pangolo kupita naye kuchipatala. Pamene ngoloyo inkanyamuka anali atasiya kubuula.

Kutayamba kuyera ndinapita kukaona ngati njinga ili bwino, ndipo mpamene ndinaona zenizeni. Kuchokera pamoto wanga mpaka pamene njinga inagona, udzu unali wakuda bii. Saka imene ndinamanga pakaliyala inali itapsa, thabwa la pakaliyalapo litapserera, tayala lakumbuyo litasungunuka mbali imodzi. Motowo unalekezera pafupi ndi pulasitiki imene ndinagonamo, cha kumutu kwanga, ndipo pomwepo panali patapata imodzi yopsa kunsi. Munthu uja anapondaponda moto wanga mpaka kuuzimitsa, kenako nkumachotsa njinga paudzu wofuka. Chingwe changa chanzeru chija ndi chimene chinamugwiritsa.

Apa mpamene ndimalira ndikamakumbuka. Ndikanatha kuitana anthu kuti adzaone. M'malo mwake ndinayang'ana uku ndi uku, nkufotsera udzu wopsawo ndi dothi, patapata ija nkuiponya kutchire. Ndinaopa kuti zibonga zija zitembenukira kwa ine. Lole inafika mmawa womwewo, ndipo anthu anandikankhira kutsogolo kwa mzere, amvekere munthu wogwira wakuba asavutike. Ndinalandira matumba anga awiri anthu akundisisita kumsana. Ndinakankha njinga mpaka kunyumba, ndipo Nabanda ndinamuuza kuti tayala ndinaliyandikitsa kumoto.

Usiku woyamba kunyumba chingwe chinandikoka. Ndinadzuka thukuta lili kamukamu, kugwira pakakolo, palibe kanthu. Mawa lake chimodzimodzi. Zinafika poti ndikangoti tulo tibwere, mwendo unkachita kukokeka ndithu, nkumva kuthyoka kuja m'khutu. Ndinayamba kugona chokhala, nditatsamira khoma. Nabanda ankati mwina ndi mitsempha, nkumandithowa ndi madzi otentha, ine nkumangovomera.

Chimanga chaka chimenecho chinachita bwino mochititsa mantha. Anthu odutsa ankaima kuyamikira munda, ine mtima nkumachita kuti thii. Chachiwisi chitacha, Nabanda anandiwotchera, koma ndinachisiya osadya. Kutchalitchi ndinkapita, koma tsiku la mgonero ndinkapeza chifukwa chotsalira panja. Kawiri ndinafika pageti la chipatala nkubwerera, poti ndikanafunsa ndani? Dzina lake sindinkalidziwa. Ena pamsika ankati wakuba uja anamwalira, ena ankati abale ake anamutengera kwawo kumpoto. Ndinkadziona kuti ndine wakupha amene akuyenda ndi Baibulo kukhwapa. Pemphero langa linatsala limodzi lokha, ndipo ndinkalibwereza polima, poyenda, pogona: Ambuye, munthu uja akhale moyo.

Ndinaulula kwa Nabanda nthawi yosoka fodya, tili awiri m'chigafa. Anasiya singano. Kenako anati, “Ndiye chimanga tikudyachi nchimenechi?” Sanandilankhule masiku awiri. Tsiku lachitatu anagwada nane, nkuyamba kupemphera nawo pemphero langa lija.

Chaka chinatembenuka, makuponi anabweranso, depoti yake yomweyo. Ndinamupempha Nabanda kuti apite iyeyo. Anakana kwamtuwagalu, anati kumeneko ndipite ndekha. Ndinapita. Sindinakoleze moto, sindinamange chingwe, ndipo masiku awiri ndinachezera nditakhala tsonga, dzanja lili panjinga. Tsiku lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo, ndili pamzere, ndinaona mdima. Akuti ndinagwa chagada.

Nditatsitsimuka ndinali pansi pa mtengo wa mango, wina akundithira madzi kumaso kuchokera m'chigubu. Ankathira ndi dzanja lamanzere. Mkono wamanja unali wopindika, utakhazikika pachifuwa. Njinga yanga inali itatsamira mtengo womwewo, pambali pake pataima amayi awiri.

“Imwani, adada,” anatero bamboyo. “Mwala wanu pamzere ndausuntha, malo anu alipo. Njinga yanu ndi iyo. Ndisanaigwire ndinayamba ndaitana amayi awa kuti akhale mboni.”

Mawu amenewo anandilasa kuposa chibonga. Ndinayang'ana mkonowo, ndinayang'ana nkhope, ndipo ndinadziwa. Mulungu anali atayankha pemphero langa, munthu uja anali moyo, ndipo anali atagwada pambali panga ndi chigubu cha madzi. Ndinalira pamaso pa amayi aja ngati mwana, nkunena zonse, za udzu, za patapata, za kutsogolo kwa mzere.

Anali a Nyirenda, ochokera kumalire a kumpoto kwa boma lathu lino. Chaka chathacho anali atangokwatira kumene kutsidya kwa mtsinje, nchifukwa chake panalibe wowadziwa. Usiku uja analibe pulasitiki, ankangoyendayenda chifukwa cha mphepo, ndiye anaona moto ukuyenda muudzu. Kuponi yawo inatayika m'chipwirikiti momwemo, ndipo chaka chimenecho kwawo kunali njala. Anandiuza kuti njinga yanga anaizindikira tsiku loyamba lomwe, poona thabwa lopserera lija, ndipo kwa masiku awiri ankandiyang'ana ali patali mtima ukuwira. Sanabise. Anati nditagwa anayamba aima kaye, nkumaganiza zongondisiya padzuwapo.

Ndinachotsa mphira wa handulo, nkutulutsa makuponi onse awiri, nkuwapatsa. Anapukusa mutu.

“Yayi, adada, feteleza ayi. Kumudzi kwa akazi anga, nkhuku ikasowa amayang'ana khomo langa. Mwana amene wabadwayu adzakula akutchedwa mwana wa wakuba. Inu munakuwa pagulu. Mukakuwenso pagulu.”

Abale, kupereka matumba kukanakhala kopepuka. Ndinayang'ana mzere uja, anthu ankhaninkhani, ena mwa iwo omwe aja anagwira zibonga. Ndinapemphera mumtima kuti Ambuye, munamusunga uyu, ndigwireni inenso. Kenako ndinakwera pangolo ina imene inaima pafupi, nkuomba m'manja kuti anthu andimvere.

Ndinanena dzina langa ndi mudzi wanga. Ndinati chaka chatha, pabwalo lomwe lino, ine ndinakuwa kuti wakuba, koma munthu amene tinamuthyola mkono uja ankazimitsa moto wanga, ndipo ndikanapsera m'pulasitiki pakanapanda iyeyo. Ndinati ndinaona umboni wake kutacha, nkuukwirira ndi phazi langa. Ndinaloza a Nyirenda, nkunena kuti awa si akuba, wabodza ndine. Ndinkayembekeza mwala, koma sunabwere. Bambo wina anang'ung'udza kuti zakale nzodzutsiranji. Ena anazyolika. Mmodzi anatuluka pamzere, nkupita kwa a Nyirenda, nkuvula chipewa.

Madzulo ake a Nyirenda anabweretsa mkeka wawo mumsasa mwanga. Njinga zathu tinazimangirira pamodzi, moto tinaukwirira ndi dothi, nkugwirizana kuti tizigona mosinthana. Anati ndiyambe ine, andidzutsa. Ndinadzuka dzuwa litatuluka, iwo ali chikhalire pakhomo, atafunda saka. Sanandidzutse. Kuyambira tsiku limenelo chingwe chija sichinandikokenso.

Lamulungu lotsatira ndinapalasa njinga kupita kutsidya, nkukaimanso kutsogolo m'tchalitchi cha kwawo, apongozi awo ali pomwepo, nkubwereza zonse. Akazi awo sanandipatse moni tsiku limenelo, ndipo mpaka lero moni wawo ndi wa pakamwa chabe. Sindiwadandaula. Ndi iwo amene anasamalira wodwalayo iwonso ali ndi pakati, m'nyumba mulibe chakudya, anthu akuwaloza zala.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga moyo wa munthu amene ine ndinamutaya, nkundipulumutsa kawiri ndi dzanja la munthu yemweyo. Inu amene mumagona kutali ndi kwanu, kaya padepoti, kaya podikira lole ya mabelo, kaya kudimba, katundu wanu samalani ndithu, moto muzikwirira musanagone. Koma ine chingwe sichinanditeteze. Ndikanangopatsana moni ndi anthu oyandikana nawo dzuwa lisanalowe, nkudziwa maina awo, ndikanayatsa tochi ija ndisanatsegule pakamwa, bwenzi zonsezi kulibe. Ndipo ngati pali wina amene akusunga chinthu chimene chimamudzutsa usiku, asaleke kupemphera, ngakhale pemphero litatsala la mawu asanu ngati langa. Yankho likabwera mwina lidzafuna kuti muime pangolo, ndipo mudzaime.

Musaganize kuti zonse zinabwerera mwakale. Mkono wa a Nyirenda sunawongoke, ndipo sudzawongoka. Kusoka fodya kumafuna manja awiri, ndiye nyengo yake ikafika ndimayamba ndapita kutsidya wanga ndisanamukhudze. Timakhala m'chigafa mwawo kuyambira mmawa. Iwo amandipatsira masamba ndi dzanja lamanzere, ine nkumasoka. Mulungu akusungeni nonse.