Foni ya Apongozi

Laputopu ya kuntchito ya Edmond inadzuka ndi chipongwe: akalemba dzina ndi pasiwedi, kabokosi kankachoka n'kubweranso kudzafunsa zomwezo, ngati mlonda woiwala nkhope. Lipoti la feteleza linkafunika kwa abwana masana omwewo, ndipo Edmond anali atauzidwa kale kuti akachedwanso asavutike n'kubwera Lolemba. Kampani inatumiza kunyumba kwake ku komboni ya George mnyamata wa makompyuta, Rex, munthu woti ukamuuza kuti dikira pang'ono amafunsa kuti pang'ono bwanji.

"Pulokisi ikukanani," anatero Rex atayang'ana. "Ndiye geti ya intaneti ya kampani. Munachinja pasiwedi?"

"Mailo, monga munakambila."

"Ninshi pali chinthu china chikali kugogoda na pasiwedi yakudala. Chikagogoda maningi, akaunti ikhomeka. Muli na foni ina yamene inali na imelo ya ku nchito?"

Edmond anayang'ana kudenga. "Inaliko."

"Ili kuti?"

"Ili bwino."

"Sininafunse umoyo wake, ba Edmond. Ili kuti?"

"Panja. Ninapasa bapongozi. Babwela kutichezela."

"Bweletsani nichosemo imelo."

"Awe."

"Inaonongeka?"

"Ni ya bapongozi."

"Akaunti ili mukati ni ya kampani."

"Chitenge chamene bamangilamo foni ni chao."

Rex anaganizira mfundoyo mofatsa ndithu, n'kuipeza kuti ndi yoona koma yosathandiza. Kabokosi kaja kanatulukiranso, Edmond n'kuyamba kulemba.

"Lekani kulemba, muikhomesa."

"Ikanifunsa niyankha. Ninaleledwa bwino ine."

"Yendani mukabapemphe foni."

"Niyambile pati? Ine na beve tikambila muli bakazi banga. Olo muchele upitila mwamene umo."

"Itanani bakazi banu."

"Bali ku maliketi, bayenda kuoda tomato."

"Batumileni foni."

Edmond analoza pakona, pomwe foni ya mkazi wake inali pa chaja, phee.

"Ninshi ya bapongozi tiichose pa wayifai," anatero Rex.

"Bamvela kwaya. Mufuna nyimbo ileke pakati, bazibe kuti mukamwini abazimila?"

"Muzakamba kuti malaiti yayenda."

"Filiji ilila. Bali na matu."

"Zimani na filiji."

"Muli nkhuku yao. Babwela nayo beka."

Rex anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Sanali wokwiya, ayi. Iye ankangodabwa kuti vuto laling'ono chonchi lili ndi achibale ambiri.

"Ningafute vonse mufoni nili pano pamene. Sitizabagwila na chala."

"Muli mapikicha ya bamuna bao. Banamwalila."

"Banasungako kwina?"

"Mumutima."

"Kwina kwamene ningaone."

"Ba Rex, imwe munabadwa kapena banakugulani pamozi na laputopu?"

"Ninabadwila ku Matero."

Panja kwaya inakweza mawu, apongozi n'kumathandizira chapansipansi. Edmond anayang'ana dzuwa pa zenera, mantha n'kumugwira zenizeni. Ntchitoyi anaisaka kwa zaka zambiri, ndipo panalibe ina yomudikira. Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Bwezani chabe pasiwedi yakudala. Foni izakondwa, laputopu izakondwa, bapongozi sibazaziba."

"Lamulo ya kampani ikana. Pasiwedi ikafa, yafa."

"Nanga nchito yanga?"

"Nchito yanu siili mu dipatimenti yanga."

"Ninshi nkhalani pansi tiyembekeze banichose."

"Ni foni chabe, ba Edmond."

"Ni bapongozi chabe, ba Rex. Mukakwatila muzaziba."

Rex anaimirira n'kukonza lamba. "Nizapempha neka. Kuli ine ni kasitoma monga bena bonse. Nizakamba kuti odi, nipaseni foni, zikomo."

"Khomo ni iyo."

Rex anapita molimba mtima mpaka pakhomo, n'kukankha nsalu yotchinga. Anasuzumira panja kamodzi kokha. Kenaka nsalu ija anaibwezera pang'onopang'ono ngati ingalire, nabwerera chafutambuyo, akumanga batani la pakhosi. Mpando anaudutsa, n'kukanjuta pambali pa tebulo, mutu uli m'munsi mwa zenera.

"Baja ni bamake Mwaiwathu, ba ku Lilanda?" ananong'ona.

"Ni beve. Mwaiwathu ni mulamu wanga, mufana wa bakazi banga."

"Baniona?"

"Kaya. Foni ili kuti?"

"Bashibukombe banga, bankhoswe ba chikwati, bazayenda kwao pa Chiwelu, kukapempha Mwaiwathu. Beve bakalibe kuniona nkhope."

Edmond anapinda manja, nakhala bwinobwino pampando kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

"Ni kasitoma chabe. Yendani mukambe odi."

"Musakweze mau."

"Olo futani vonse muli pamene apo. Simuzabagwila na chala."

"Muli mapikicha ya malemu batata," anatero Rex, wokhumudwa kuti munthu angaganize zotero. Anakokera laputopu pansi, naiika pa maondo, zala zili chire. "Pasiwedi yakudala inali chani?"

"Ija inafa?"

"Inakomoka chabe. Kambani musanga, lipoti iyende."

"Nanga lamulo ya kampani?"

Rex anasuzumiranso cha kukhomo, nayamba kulemba.

"Kampani ilibe mwana mukazi."