Jekete Yobiriwira

Pamzere wolowera mu holo ya zisudzo, bambo wina wachikulire anayamba kucheza ndi mayi amene anali patsogolo pake.

"Mayi, seweroli munalionerapo?"

"Lero n'kachisanu, bambo."

"N'zoona kuti amatchula mayina a ana amene anasowa pa zionetsero zija?"

"Onse, mmodzimmodzi. Ochita seweroli anayenda khomo ndi khomo kupempha zovala za anawo. Zimene amavala pasiteji n'zomwezo."

"Ine sindinabwere kudzaonera ayi, ndabwera kudzatenga mwana wanga, amachita nawo seweroli. Akuti apolisi amakhala kumbuyo n'kumawajambula nkhope. Mayi ake chakudya sichikulowa."

"Wanuyo ndi uti?"

"Wamtali, woonda. Akuti amavala jekete yobiriwira."

"Ya chigamba pachigongono? Ndinasoka ndine, ndi ulusi wakuda poti wobiriwira unandithera. Ndi ya mwana wanga."

"Pepani, mayi. Sindinadziwe."

"Musapepese. Wanuyo anabwera kwathu kawiri kudzafunsa mmene mwana wangayo ankayendera. Ndinamuonetsa kayendedwe kake panja, aneba akundiseka. Pano akangotulukira, dzanja m'thumba, phewa limodzi lotsika, ndimachita kugwirira mpando."

"Nanga ine nditani? Ndili naye yekhayo."

"Mutengeni, bambo, ndi wanu. Ine wanga ndikanadziwa ndikanamutsekera m'nyumba. Koma mudikire amalize. Pamapeto amatembenuka n'kunena kuti, 'Amayi, ndabwera.' Mundilole ndimveko lero lokha."

Chitseko chinatseguka, mzere n'kuyamba kuyenda.

"Tsogolani, mayi. Mumakhala mbali iti? Ndikhala pafupi nanu."