Ng'ombe za Agoti pa Ukwati wa Solvej

Ejvind Kragh, mphunzitsi wopuma amene anathera moyo wake wonse kufukula mizu ya mawu, anali asanauzepo mwana wake Solvej ndi pakamwa kuti amamukonda, ndipo taonani, tsikulo mwanayo ankakwatiwa n'kusamukira kutsidya la nyanja. Supu atatha, mkuluyu anakokera mlamu wake Torkild, woyendetsa mwambo, m'kachipinda kopachika majasi, atafumbata mulu wa mapepala.

"Alamu, ndikaimirira musandidule. Ndilankhula za liwu limodzi lokha la chinenero chathu: *holde*, kugwira."

"Limodzi? Ha, zikomo! Nkhumba ija ifika patebulo ikadali yotentha."

"Limodzi, koma lili ndi abale ake. Ajeremani amati *halten*, a ku Iceland *halda*, Agoti ankati *haldan*..."

Torkild anasuzumira m'holo ya phwandolo. "Agotiwa ndi akuchimuna? Mipando yatha."

"Ndi mtundu wa anthu amakedzana, anafa kalekale!"

"Iii! Onse? Pepani, alamu. Ndiye tiyambe takhala chete pang'ono?"

"Kulibe maliro kuno!" Ejvind anamenya mapepala ndi chikhatho. "Tamverani. Kwa Agoti liwuli linkatanthauza kuweta ng'ombe."

"Mukumupatsa Solvej ng'ombe?"

"Ayi!"

"Chifukwa mkamwini wanu Asger amakhala nyumba yam'mwamba. Ikwera bwanji masitepe?"

"Ng'ombeyo ili m'liwu, munthu iwe!"

"M'liwu," anatero Torkild, akukanda m'mutu. "Nanga ikudya chiyani m'menemo?"

Ejvind anapuma mozama. Anali munthu wamakani ngati chitseko chofufuma ndi mvula. Solvej anali atamuchenjeza kuti, "Bambo, mukangoyamba za mawu akale, ine ndituluka," koma iye ankati mwana akamva ulendo wonse wa liwuli, adzamvanso chimene chili mumtima mwa bambo ake.

"Woweta amayang'anira, amasunga, salola chiweto kutayika. Liwu linayenda choncho mpaka kufika pa kugwira, ndipo ife lero tikati *holde af* tikunena kukonda munthu. Mwaona?"

"Ndaona. Solvej ndi ng'ombe."

"Mayo ine!"

"Ine sindikutsutsa, mwana ndi wanu. Kungoti mlongo wanga, mkazi wanuyo, akamva, afunsa kuti iyeyo ndiye ndani."

"Palibe ng'ombe m'banja mwanga!"

"Yathawa? Mwati woweta salola."

Wophika anagogoda chitseko ndi chipande kuti nyama ikuzizira. Torkild analoza mulu uja.

"Tsamba lomaliza likuti chiyani? Mwina tingoyambira pamenepo."

Makutu a Ejvind anafiira. Anachita manyazi, mkulu wonseyu! "Zimenezo sizinenedwa mwachindunji, alamu. Pamafunika njira."

"Njira yodzera kwa Agoti."

"Eya!"

"Ndi ku Iceland."

"Eya!"

"Ifa ndi ludzu isanafike ng'ombeyo."

"Kalizeni tambula, ndatopa nanu!"

Torkild anapita, nagogoda tambula ndi mpeni, ngwe ngwe ngwe, holo yonse zii. Ejvind anaimirira, nakonza magalasi, natambasula tsamba loyamba.

"Agoti..." anayamba.

Solvej anali atagwira kale diresi kuti anyamuke. Pachibwano pake panali kadontho ka supu, pamalo pomwe pamene bambo ake ankamupukuta ali wamng'ono. Ejvind anangotaya mapepala aja. Ajeremani anagwera pansi pa tebulo, a ku Iceland anagwera m'mbale ya mbatatesi.

"Solvej," anatero, "ndimakukonda, mwana wanga. Basi."

Anakhala pansi, thi! Solvej anathamanga diresi lili m'manja n'kumukumbatira, onse awiri misozi ili mbwembwembwe. Anthu anawomba m'manja, wophika anatulukira ndi nkhumba akumwetulira. Ejvind anali asanasangalalepo chotere chibadwire.

Ngwe ngwe ngwe ngwe! Anali Torkild, nkhope ili gwa, dzanja litatambasukira wophika kuti aime.

"Ayi, ayi, alamu, imiriraninso! Nkhumba idikire. Mwanena nokha kuti Agoti anafa onse. Nanga ng'ombe zija anasiyira ndani?"