Achemwali Athu ndi Mankhwala Amene Anawasinthira

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1991, oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndine wachitatu. Mundikhululukire, sindinayankhulepo pagulu chonchi.

Mu 2000, ali sitandade 4, anagwa koyamba m'kalasi. Kuchipatala anati ndi khunyu, n'kuwapatsa mapiritsi amene anawasunga bwino zaka zoposa makumi awiri. Anamaliza fomu 4 mu 2009, kenako anaphunzira kusoka. Ambiri mwa inu mwavala zosoka iwo lero lino.

Mu 2015 anakwatiwa ndi alamu athu amakaniki, ndipo mu 2017 anadalitsidwa ndi mwana wamkazi.

Mu Juni 2023, gulu la madokotala a matenda a ubongo linasonkhanitsa zolemba za akatswiri, akuti zonse za padziko, kuti lisankhe mankhwala abwino. Linalamula kuti odwala khunyu asinthe mankhwala. Achemwali anamvera, poti anali munthu womvera. Kugwa kunabwerera, kawiri katatu pa sabata. Tsiku lina anagwera pa mashini, singano ili pakati pa nsalu ya eni ake.

Pa 2 Okutobala anagonekedwa m'chipatala, ine ndikuwadikirira, khanda langa lili kumsana. Wodikirira wodwala madokotala samuwerengera, amayankhula ngati pali khoma. Ndinamva ndi makutu angawa dokotala wamng'ono akufunsa akuluakulu ake a m'gulu lija chifukwa chimene anafufuzira malo amodzi okha, m'chinenero chimodzi, n'kusiya zolemba zochenjeza kuti kusintha mwadzidzidzi kumapha. Yankho linali lakuti nthawi inawathera, msonkhano unali pafupi. Atandiona anatsitsa mawu, koma madzi anali atatayika kale.

Pa 6 Okutobala m'mawa, achemwali anatisiya.

Asiya amuna awo, mayi athu, ife azing'ono awo atatu, ndi mwana amene mukumuona wagwira diresi langayu. Nayenso ali ndi khunyu, ndipo sabata yamawa akumuyembekezera kuchipatala chomwecho kuti amusinthirenso mankhwala.

Tikuthokoza anamwino, aneba, osoka anzawo, ndi dokotala wamng'ono uja. Akuluakulu amene mwatumiza nkhata, taiona, ili kunja kwa geti. Mwanayu ndidzabwera naye ndekha. Asanameze piritsi lililonse ndidzakufunsani mokweza, mzere wonse ukumva, kuti munafufuza kuti, nanga munasiya ziti. Ndidzafunsa ulendo uliwonse, mpaka nkhope ya achemwali izikulepheretsani kudya.

Achemwali, usani mumtendere. Mtenderewo ukhale wanu nokha.