Maiwe Atatu ndi Repu wa aSakala

Tinkasenda mtedza masana pansi pa mtengo wa mango pamene agogo aamuna, aTembo, anayamba.

"Tamverani iyi, ana inu. Atsikana atatu apachibale amapatsirana mtolo umodzi. Wamkulu ndi wakuda, anthu amamudutsa atagwira mphuno. Wachiwiri amavala zobiriwira. Koma kwa wamng'ono akakowa amabwera kudzadziona nkhope. Ndani amenewo? Mwalephera? Sendani, ndikuuzani.

"Kale, maminibasi asanachuluke mumsewu waukulu wa Katete, ine ndili ndi tindevu titatu, ndinalembedwa ntchito kumaiwe a kumishoni, kumene kunkathera madzi onse a m'zimbudzi ndi m'mabafa a chipatala ndi sukulu. Atsikana aja ndi maiwe atatuwo. Madzi ankafika ndi mpope ali bii, ndipo ine ndinkakokolola nsanza pa chitsulo chotchinga ndi kutchetcha udzu m'mbali kuti udzudzu usapeze nyumba, koma ntchito yeniyeni sinali yanga ayi. Zolemera zinkamira m'dziwe loyamba, m'lachiwiri ndere ndi dzuwa zinkadya zotsala, ndipo pakapita masabata madzi ankatuluka m'lachitatu ali mbee, achule akuimba. Popanda injini, popanda magetsi! Inu a masiku ano mumafuna chilichonse chikhale ndi batani.

"Ndiye ndinaona agogo anuwa akuimba kwaya kutchalitchi, tulo tinandithawa, ndipo ndinatuma ankhoswe kwa amalume awo, aSakala. Ankhoswe anabwerako mutu uli pansi. Akuti mkamwini wonunkha zimbudzi sangadyere m'mbale za pakhomo pawo."

"Musanamize ana, aTembo," anatero agogo aakazi osadzutsa mutu. "Munkanunkhadi."

"Ndinkasamba kawiri, naBanda!"

"Kawiri pa sabata."

Tinaseka mpaka mtedza kutayika m'lichero.

"Asiyeni awo. Chaka chimenecho mvula inachedwa, zitsime za m'madimba zinauma mpaka matope kung'aluka, koma dimba la aSakala lokha linali biriwiri, repu, nzimbe, nthochi, ndipo ankadzitama kumsika kuti ali ndi kasupe wa makolo. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza akuthirira, ndinagwada, ndipo ndinati, 'Bambo, tiyeni tikaone kumene kasupe wanu amachokera.'

"'Iwe, ukandiphunzitse dimba langa?'

"Koma anaika kheni pansi nanditsata. Tinakwera motsata kangalande kamene kankabweretsa madzi m'dimbamo, kudutsa m'mabango, minga ikutikola, mpaka tinatulukira padziwe lachitatu. Abakha a m'tchire ali yandayanda, mitambo ikuoneka pansi pa madzi. Iwo anati, 'Aa, dziwe lokongola chonchi n'landani?' Ine ndinangopitirira. Pa lachiwiri anaima, akuyang'ana ndere. Pa loyamba anagwira mphuno, kenaka anaisiya pang'onopang'ono.

"'Ndiye repu uja...'

"'Yemweyo, bambo. Amene munadyetsa abusa Lamulungu lija.'

"Anakhala pansi pa udzu nthawi yaitali, chipewa chili pabondo, akuyang'ana mpope wakuda uku, ngalande yoyera uko. Kenaka anafunsa kuti, 'Madziwa akanatsikira kumtsinje osadutsa muno, bwenzi zitatani?' Ndinati, 'Bwenzi kumunsiku makasu akukumba manda a ana, osati mizere.'

"'Iwe mwana wa aTembo,' anatero, 'uwauze ankhoswe ako abwerenso. Koma za repu usauze munthu.'

"Ndinasunga pakamwa mpaka tinawaika m'manda, lero ndiye mwamva.

"Masiku ano tauni yakula, nyumba zafika mpaka kumene tinkasaka mbewa, ndipo anyamata amene ali kumaiweko amavuula mapepala apulasitiki ndi matewera a kusitolo, zinthu zimene ndere singadye ngakhale dzuwa liwale chotani. Musamataye zimenezo m'chimbudzi, ana anga. Madzi a kumaiweko si akumwa, musakayese, koma musawanyoze. Ndipo mukakumana ndi munthu wovala magambuti akuchokera kumeneko, imani, mumupatse moni wa dzanja."

Daliso, mlongo wanga wamng'ono, anameza mtedza umene anabisa m'tsaya.

"Nanga mvula ikanagwa bwino chaka chimenecho, agogo, akanakupatsani agogo aakaziwa?"

Agogo aamuna anayang'ana akazi awo. Agogo aakazi anatola mtedza wina, nauswa.