Malalanje a Mizere Yakumunsi

Malemu anabadwa pa 9 Febuluwale 1958, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, chitsiriza cha m'banjamo. Ndikaphonya penapake mundikhululukire, chifukwa amene ankandikonza ndikalakwitsa ndi amene agona apawa.

Anayamba sukulu mu 1965 ndipo anasiyira m'kalasi lachisanu ndi chiwiri mu 1972, bambo athu atamwalira. Mu 1976 analembedwa ntchito pakampani ina yolongedza zipatso. Ankaima patebulo lalitali tsiku lonse n'kumasankha malalanje ndi manachesi, abwino m'bokosi, ophwanyika m'dengu. Akapitawo awo ankanena kuti malemu ankazindikira chipatso chothyoledwa nthawi isanakwane pongochinyamula m'manja, ndipo sankachita manyazi kubweza ngolo yathunthu.

Pa 14 Julayi 1979 anakwatiwa ndi alamu athu, amene ankayendetsa lole ya pakampani pomwepo, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Mu 1986 malemu anasiya ntchito n'kudzala mitengo zana limodzi ndi makumi awiri kuseri kwa nyumba ino. Yonse anamezanitsa okha ndi kampeni kawo. Alamu athu atatisiya mu 2004, mitengo imeneyi ndi imene inaphunzitsa ana onse mpaka kumaliza sukulu.

Anthu ambiri amangoona ngati ndi munda umodzi, koma muli mitundu inayi, ndipo malemu anaidzala mwadala kuti izipsa motsatizana. Mizere yakumtunda ndi ya manachesi oyambirira. Amenewa amapsa mu Epulo khungu likadali lobiriwira, ndipo akapsa sadikira munthu. Pakangodutsa masabata awiri amauma m'kati. Kenaka pamabwera manachesi ofiira, kuyambira mu Meyi mpaka kumayambiriro kwa Juni. Malalanje a mchombo, aja okhala ndi kamchombo kunsi, amatenga Juni ndi Julayi. Kumunsi kwenikweni kuli malalanje ochedwa, amene amaoneka achikasu mu Julayi koma madzi ake amakhala owawasa mpaka mu Seputembala. Ena mwa ogula amene anabwezedwa pachipata ndi matumba opanda kanthu ndawaona pano, ndipo akudziwa okha mawu amene anauzidwa tsiku limenelo.

Tsiku loyamba kuthyola mtundu uliwonse ankanena ndi malemu okha. Ankalowa m'mizere, kudula chipatso chimodzi cha mbali ya dzuwa ndi china cha mumthunzi, kulawa, n'kulamula. Enafe, ana ndi abale omwe, tinkadziwa kunyamula makwerero ndi madengu basi. Malemu analibe mtima wophunzitsa, zimenezo sitibisa, koma ifenso tinalibe mtima wofunsa. Tinkaona ngati adzakhalapo mpaka kalekale.

Pa 20 Malichi 2023 anapita kuchipatala akudandaula za m'mimba. Madokotala anapeza chotupa ndipo anawapatsa tsiku la opaleshoni, pa 18 Epulo. Malemu anayankha kuti tsiku limenelo lagundana ndi manachesi oyambirira, ndiye adzabwera akathyola. Manachesi oyambirira atatha, ofiira anali atayamba kupsa. Chipatala chinaperekanso tsiku lina mu Juni, koma nalonso linagwera pa malalanje a mchombo.

Sikuti tinangokhala chete. Pa 11 Juni tinakumana tonse pabalaza la nyumba ino, ndipo mwana wawo wamkulu, amene ndi mphunzitsi, anagwada n'kuwachonderera kuti apite. Malemu anafunsa funso limodzi lokha, kuti mwa ife tonse ndani angadziwe tsiku lothyola iwo atagonekedwa. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa. Pamenepo anagamula kuti adzapita mu Ogasiti, popeza malalanje ochedwa amatha kukhala mumtengo osaonongeka. Tinavomera, ndipo ifenso tinapepukidwa mumtima kuti zokolola sizitayika. Ndikunena izi pamaso panu chifukwa banja lagwirizana kuti zinenedwe. Zikutiwawa, ndipo zidzatiwawa.

Anagonekedwa pa 7 Ogasiti. Madokotala atawayeza ananena kuti chotupa chinali chitafalikira, ndipo nthawi ya opaleshoni inali itadutsa. Malemu sanalire ndipo sanaloze munthu chala. Anangotuma mwana wawo wamkulu kuti m'mawa uliwonse azibwera ndi lalanje limodzi la mizere yakumunsi pamodzi ndi kampeni kaja. Kudya sankatha, ankangofinyira madontho awiri palilime. Koma asanalawe iwo, ankayamba alawitsa mwana wawoyo kuti anene yekha masiku amene atsala kuti malalanjewo athyoledwe. Mphunzitsi wa zaka makumi anayi ndi zitatu ankalakwa mayeso tsiku ndi tsiku, manesi akumvera, ndipo malemu sankamunyengerera.

Pa 27 Ogasiti mwanayo analawa n'kunena kuti patsala masabata atatu. Malemu analawa nawo, kenaka anati, "Wakhoza. Mawa usabweretsenso." Anamwalira pa 29 Ogasiti masana, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu.

Chifukwa cha zimenezi banja lili ndi pempho kwa nonse. Pochoka pano mudutsa m'mbali mwa mizere yakumunsi, ndipo muona malalanje achikasu atalendewera mpaka pansi. Chonde musathyole, ndipo ana muwagwire padzanja. Masabata atatu aja akwana pa 17 Seputembala. Tsiku limenelo mwana wawo wamkulu adzalowa m'mizere yekha ndi kampeni, ndipo chimene adzanene tidzamvera, chifukwa palibenso wina woti amuvomereze.

Malemu asiya ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, mng'ono wawo mmodzi, ndi alongo awo awiri.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi manesi amene anatiuza zoona kuyambira pachiyambi, ngakhale sitinawamvere. Ndikuthokoza anansi amene ankathirira mbande masiku onse amene tinali kuchipatala, anzawo akale a kukampani amene athandiza ndi galimoto, a mpingo, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe.

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri malemu sanadumphe nyengo yokolola ngakhale imodzi. Achemwali, tsopano pumulani. Mzimu wanu uuse mumtendere.