Kuseri kwa Phanga la Froghall

— Halo?

— Halo, Glenys? Ndine Neville.

— Ndani? Simukumveka!

— Neville, mlamu wako!

— Aa, alamu! Taimani kaye ndikwere padenga, m'boti muno netiweki ndi ya mwayi... Eya, nenani tsopano. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, kaya iwe?

— Ndaswera bwino kwabasi. Bondo lija likuti bwanji?

— Likadalipo. Mvula ikati ibwere limayamba kundiuza ilo, a zanyengo asananene.

— Ndi kunenepako, alamu. Bondo si thirakitala.

— Wayambatu. Nanga mng'ono wangayo ali bwanji?

— Wilf ali bwino. Wadya, wamwa tiyi, panopa ali pampando wake kutsogolo kwa boti, akuyang'ana abakha.

— Dzanja lija?

— Lamanja likadali chigonere. Mwendo ukukokeka pang'onopang'ono ndi ndodo.

— Nanga pakamwa? Mawu akutuluka?

— Mukanabwera kudzamuona, bwenzi mukufunsa zimenezi pafoni?

— Glenys, chonde. Munthu amene ndinakula naye, kumuona akulephera ndi dzina langa lomwe... mtima wanga sukulola. Koma ndibwera.

— Chimugwirireni sitiroko ija mwakhala mukubwera.

— Ndati ndibwera.

— Chabwino. Akazi anu ali bwanji?

— Hazel ali kwa mkulu wake ku Whitby sabata yonse ino. Ine ndikungokhalira nyemba za m'chitini.

— Ku Whitby eti? Kuyenera kuti kukuzizira.

— Akuti kuli chimphepo. Tsono tamvera, ndili ndi nkhani. Mwana wako Bryony wandiimbira. Wogula boti uja wavomera. Akufuna kudzamuona Tansy, boti lanulo, Loweruka, ku Fradley.

— Oho.

— Ndikudziwa kuti zikukuwawa, mlamu. Boti limenelo ndi nyumba yanu. Koma Bryony akunena zoona, boti lopanda woliyendetsa ndi chitini chongochita dzimbiri. Wakupezerani kanyumba kabwino pafupi ndi iye, kopanda masitepe.

— Kali ndi TV yaikulu, anandiuza.

— Ulendo wonse ndaukonza kale. Ndapeza munthu wogwira chiwongolero, Desmond, abwera Lachinayi. Mukanyamuka pa Stone pamene mumakochezapo, mutsike chakummwera, mukagone ku Great Haywood. Koma musakakocheze pafupi ndi njanji, simugona. Ukundimva?

— Ndikumva, alamu.

— Pa Armitage paja ngalande ndi yothina, maboti awiri sapatukirana. Iwe utsike, utsogole wapansi, ukaone ngati kukubwera wina.

— Ine wapansi, Desmond pachiwongolero.

— Nanga umati zikhale bwanji? Wilf sangachigwire, iwe sunachigwirepo.

— Ndikanachigwira liti? Amuna a pangalandenu mumabadwa mutachikumbatira. Inu chilili kumbuyo, kapu ya tiyi kudzanja, kukambirana za injini. Ife akazi ndiye kumageti a madzi okwezera ndi kutsitsira maboti, kupukusa zitsulo, kukankha zimitengo ndi matako, mvula ili pamsana.

— Ndi mmene zimakhalira, aliyense ndi ntchito yake. Komanso udzaze dizilo, ukataye za kuchimbudzi, upukute zamkuwa ziwale. Timbale tamkuwa tija ta Wilf, ta malo onse amene munafikako, uchotse pakhoma. Wogula alibe nato ntchito.

— Pakhoma paja pali mpata umodzi, mukukumbuka?

— Wa Froghall. Umenewo ukhala mpata basi, ngakhale kwanga uliponso. Kodi phokoso ndikumvalo ndi la chiyani? Anthu akuimba?

— Ndi alendo.

— Alendo pa Stone? Masana ano?

— Ndani wanena za Stone?

— Glenys, muli kuti?

— Pa Stone tinachokapo sabata yatha, alamu. Tinafika potembenukira paja, boti linangoloza kumpoto lokha.

— Lokha? Akuyendetsa ndani?

— Mkazi wina wake wa imvi, dzina lake Glenys.

— Iwe? Halo? Halo!

— Ndilipo, musakuwe, netiweki ya m'chigwa muno ndi yamantha.

— Wayendetsa iwe? Pa Etruria paja, pokhota ngati chigongono, unadutsa bwanji?

— Ndinagunda khoma. Makapu awiri anatsanzika, mphaka sanandiyankhule tsiku lonse. Koma ndinakhota.

— Unakhota? Ndiye kuti mwalowa ngalande ya Caldon! Nanga mageti osanjikizana aja? Milatho yonyamula ija? Mtsinje wa Churnet, mvula yonse ija?

— Mtsinje unali utaphwa, ndinayang'ana kaye thabwa loyezera madzi. Musaiwale kuti ine ndakhala ndikuona zolakwa za amuna ndili pamtunda kwa zaka makumi atatu. Ndi sukulu imeneyo.

— Koma ukakhala pachiwongolero, mageti akutsegula ndani? Usandiuze kuti ukukwera makwerero oterera aja wekha, chingwe kukamwa.

— Ndili ndi wondithandiza. Katswiri. Nayenso anakalambira kumageti.

— Ndani?

— Akuti ndikuuzeni kuti ku Whitby mphepo yachepa.

— Chiyani?

— Ndiponso akuti m'firiji, pansi penipeni, anakusiyirani nyama ya nkhosa. Mwangofera nyemba ulesi.

— Hazel? Hazel ali m'botimo? Mkazi wanga?

— Akukubayibitsani uku. Dzulo wayendetsako kuchokera ku Cheddleton, osakhudza ngakhale bango. Akuti mukonzekere, boti lanu lija chilimwe chino mudziwana ndi mageti.

— Ambuye! Mwandipangira upo akazi inu. Chabwino, mwasewera, mwasangalala. Muli pati tsopano? Nditumize Desmond akupezeni, Loweruka silili patali.

— Ku Froghall.

— Ndiye mutembenukire pomwepo, pakhomo pa phanga pali malo otembenukira. Usayerekeze kulowetsa mphuno m'menemo! Denga la phanga limenelo ndi lotsika, ngalande imachita kukwawa pansi pa phiri. Ine ndi Wilf tinayesa ndi Tansy yemweyo tili ndi mphamvu zathu, tinabwerera pakhomo.

— Ndikukumbuka. Wilf sanadye tsiku limenelo.

— Ndiye tembenukani.

— Alamu, phangalo ndikuliona ndithu. Koma ndikuliona chakumbuyo.

— Chakumbuyo bwanji?

— Tili kuseri. Tadutsa.

— Bodza!

— Takocheza padziwe la kumathero, pamene ngalande imathera. Kupatula oimbawa, pali bata ngati m'tchalitchi, mitengo yokhayokha. Boti ndi lathu lokha.

— Bodza, Glenys! Choyezera chija chimalendewera pa geti lomaliza, Tansy amachigunda ndi denga. Ndinaona ndi maso anga!

— Anachigundadi. Ndiye tinayamba kumuvula. Chumuni pansi, masola pansi, miphika ya maluwa, nkhuni, njinga, zonse pansi. Thanki ya madzi ya kutsogolo tinaidzaza mpaka kusefukira. Matumba a malasha tinawakokera kumphuno kwa boti, kuti litsike m'madzi.

— Zimenezo ifenso tinachita. Zinakanika.

— Ifenso zinakanika. Kunatsala ngati zala ziwiri. Ndinakhala pansi pamtunda, mtima utagwa. Ndinati basi, Neville awina, tikakhala m'kanyumba ka TV. Hazel ndiye anati, tiye tikamwe kaye. Tikulowa m'bala ya m'mbali mwa ngalande muja, tinapeza zimphona, alamu. Timu yokoka chingwe ya m'mudzimo, itangochoka kokonzekera mpikisano. Khosi lililonse ngati chitsa.

— Usandiuze...

— Hazel anangowayang'ana, n'kundiyang'ana ine. Anati, anyamata, ndani akufuna mowa ndi kukwera boti?

— Munadzaza anthu kumphuno?

— Ngati mbatata m'thumba. Ena pabenchi, ena pabedi pathu, wina m'bafa. Tansy anaweramitsa mutu ngati mkamwini. Ndi amene mukuwamva akuimbawo.

— Ha! Ife zaka zonsezi osaganiza... Koma Wilf munamusiya pamtunda, eti?

— Ndinayesa. Anagwira chitsulo cha kumphuno ndi dzanja lamanzere lija, osasiya. Anandiyang'ana diso limene mukulidziwa. Ndinati chabwino, khala pomwepo, kutsogolo kwa onse.

— Munthu wodwala, m'phanga!

— Tamverani. M'menemo woyendetsa saimirira, mutu ungatsale padenga. Ndinagwada, chiwongolero ndachigwira cham'mwamba, kutsogolo sindikuona kanthu, denga la boti landitchinga. Madzi akudontha pakhosi. Njerwa zikudutsa apa, pamwamba pa tsitsi. Tili pakati, ndinamva kwee! Ngodya ya denga yayamba kukhula khoma.

— Mayo, penti ya Wilf!

— Ndinasokonezeka, alamu. Mukudziwa kuti chiwongolero ukafuna kumanja umakankhira kumanzere. Sabata yonse ndinali nditazolowera, koma mumdima muja mutu unabwerera pa ziro. Ndinakankhira kolakwika. Kukhula kuja kunakula. Ndinadziwa kuti tikakanirira m'menemo, Bryony sadzafunanso kumva chilichonse.

— Ndiye?

— Ndiye kunamveka mawu. Phanga lonse linalira.

— A zimphona zija?

— Ayi. Anati, Glenys! Mbali inayo, chitsiru iwe!

— Anatero ndani?

— Mng'ono wanu.

— Wilf? Wilf wathu?

— Mawu onse bwinobwino, osaphonya ndi limodzi lomwe. Dzanja lili pakhoma, akumva mmene boti likuyendera, akukuwa. Pang'ono! Basi! Gwira pomwepo! Anandiyendetsa ndi pakamwa mpaka tinaona kuwala. Halo? Alamu, mulipo?

— Ndilipo.

— Mukulira?

— Ndi chimfine.

— Inenso chinandigwira chimfine chomwecho. Ndinalira, alamu, ndili chigwadire, chiwongolero m'manja. Chikwatiwire sindinasangalalepo ndi kutukwanidwa ngati lero. Titatuluka zimphona zija zinamunyamula ndi mpando womwe, iye akuseka ndi mbali imodzi ya nkhope.

— Ndiye kuti akuyankhula tsopano? Wachira?

— Ayi, musathamange. Kuja kunali kupsa mtima. Panopa abwereranso amodziamodzi, movutikira. Koma alimo, alamu. Mawu alimo, ndipo Wilf alimo. M'kanyumba kaja akanakuwira ndani? TV?

— Bryony umuuza chiyani?

— Ndamutumizira kale chithunzi, bambo ake ali pakati pa zimphona, kapu m'mwamba. Anati tigulitse chifukwa palibe woyendetsa. Woyendetsa alipo. Wolondolera njira aliponso, ngakhale ndi wamwano. Nyengo yozizira tidzakocheza pafupi ndi kwawoko, azidzationa mmene angafunire. Koma Tansy sakupita ku Fradley.

— Nanga wogula uja?

— Nkhani yake mwabwera nayo ndinu, mumubwezenso ndinu. Desmond yemwe.

— Glenys, ndinakuderera. Ndavula chipewa. Koma taima, kumeneko ndi kumathero. Njira yotulukira ndi phanga lomwelo. Mubwerera bwanji?

— Apo ndiye mwafika pa nkhani. Theka la timu likupita ku mpikisano mawa m'mawa. Otsalawo sakukwana. Tikufuna munthu mmodzi wolemera ngati anthu atatu.

— Ndiye ukuganiza ndani?

— Amene bondo lake likudandaula.

— Mwano umenewo, mlamu!

— Batire yafiira, alamu, masola ali phee pa udzu. Dikirani nditsike, pali wina akulozaloza foniyi. Musadule, ndipo musamuthamangitse, mumudikire amalize yekha. Wilf, gwira ndi lamanzere. Eya, ndi mkulu wako.

— Halo? Wilf? Ndine... ndi ine, mng'ono wanga.

— Ne... Nev.

— Eya! Eya, ndine Nev. Ndamva zonse, iwe. Froghall! Wandipitirira, galu iwe.

— Bwe... bwera.

— Ndibwera, Wilf. Ndikanabwera kale, kungoti...

— Ma... wa.

— Mawa. Chabwino, mawa.

— Ndiwe... wo... wo...

— Usavutike, ndikudikira.

— Wonenepa.

— Hahaha! Chitsiru iwe! Mpando wa kumphuno undisungire, pafupi ndi iwe, wamva? Umuuze Glenys ndibweretsa zomangira kambale ka Froghall pakhoma. Ndipo Hazel umuuze kuti... Halo? Wilf? Halo? Yaduka. Makiyi a galimoto aja ndinaika pati?